Timachubu toumbidwa ndi nthunzi: mafunso ndi mayankho

Nyumba zambiri zakale za ku Vosloorus, lokeshoni imene inakhazikitsidwa mu 1963 anthu akuda atasamutsidwa ku Stirtonville pafupi ndi Boksburg, zinafoleredwa ndi malata a asibesitosi. M'malata amenewo muli timachubu tosaoneka ndi maso, timene tinadzipinda tokha pansi pa nthaka. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera pamenepo, m'malabotale a mu Johannesburg, asayansi amayatsa ng'anjo kuti apange mwadala timachubu ta msinkhu womwewo. Nkhani yonse yagona pa muyeso: utali wa kachubu, kukula kwa bowo lake ndi kuchindikala kwa khoma lake. Phindu la kachubu limachokera pamenepo, ndipo kuopsa kwake kumachokeranso pomwepo.

Kodi timachubu timeneti n'tating'ono bwanji?

Timayezedwa ndi nanomita. Mukagawa milimita imodzi ya pa rula m'zigawo 1 miliyoni, chigawo chimodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu limakhala pakati pa mananomita 50,000 ndi 100,000 m'mimba mwake. Timachubu toumbidwa m'chikombole nthawi zambiri timakhala pakati pa mananomita 20 ndi 200, ndipo khoma lake likhoza kukhala la maatomu makumi owerengeka basi. Mu utali ndi mmene timapitirira: kachubu ka mananomita 50 m'mimba kakhoza kutalika kuwirikiza ka 1,000.

Maikulosikopu ya kusukulu singationetse bwino, chifukwa mafunde a kuwala kumene maso athu amaona ndi a mananomita 400 mpaka 700, aakulu kuposa kanthu kamene tikufuna kuonako. Pamafunika maikulosikopu yogwiritsa ntchito maelekitironi. South Africa ili ndi makina amphamvu a mtundu umenewu ku Nelson Mandela University ku Gqeberha, kumene anatsegula malo ake apadera mu 2011.

Timamva za timachubu ta kaboni. Tinatu ndi titi?

Ta kaboni nditimene tinatchuka, Sumio Iijima wa ku kampani ya NEC ku Japan atatifotokoza mu 1991. Kaboni wa mtundu wa graphite, yemwe ali m'pensulo, amakhala m'timapepala topyapyala tosanjikizana, ndipo kapepala kamodzi kakadzikulunga kamakhala kachubu. Funso linabuka msanga: ngati graphite akutha kutero, bwanji miyala ina ya timapepala? Mu 1992 Reshef Tenne ndi anzake ku Weizmann Institute ku Israel anapanga timachubu ta tungsten disulfide. Mu 1995 gulu la Alex Zettl ku Berkeley ku America linapanga ta boron nitride.

Vuto n'lakuti zinthu zambiri zofunika, monga titaniyamu okusaidi, zinki okusaidi kapena pulatinamu, sizidzikulunga zokha mwa njira imeneyo. Zikasiyidwa zimakula ngati timibulu kapena tizitsotso. Kuti zikhale kachubu ziyenera kuumbidwa. Charles Martin wa ku America anaikulitsa nzeru imeneyi mu 1994: peza chikombole, kansalu kolimba ka timabowo tofanana, paka chinthu chako m'makoma a timabowoto, kenako chotsa kansaluko.

Chikombole cha timabowo tating'ono chotero chimapangidwa bwanji?

Chimachokera ku aluminiyamu, ndipo njira yake ndi yomwe ija imalimbitsa mafulemu a mawindo a aluminiyamu ogulitsidwa m'mahadiweya. Chitsulo amachiviika m'asidi n'kudutsitsa magetsi. Pamwamba pake pamamera khungu la aluminiyamu okusaidi, koma asidi amalidya pang'onopang'ono m'malo ena, moti khungulo limakula lili ndi timabowo toongoka tolowa m'kati. A mafulemu amatseka timabowoto kuti chitsulo chisaperepeseke. Asayansi amatisiya totsegula.

Mu 1995 Hideki Masuda ndi Kenji Fukuda ku Japan anaonetsa kuti asidi ndi magetsi zikayenderana, timabowo timadzindandalika tokha mwadongosolo, kalikonse kozunguliridwa ndi tinzake tisanu ndi kamodzi. Mphamvu ya magetsi ndi imene imalamula mpata: voti iliyonse imawonjezera mananomita pafupifupi 2.5 pakati pa bowo ndi bowo linzake. Mu oxalic acid pa mavoti 40 mpatawo umakhala mananomita pafupifupi 100, ndipo pa sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamakwana timabowo toposa 10 biliyoni. Mu sulfuric acid pa mavoti 25 timathinana kwambiri, pamene mu phosphoric acid pa mavoti 195 mpata umafika mananomita 500. Nthawi imalamula kuya kwa bowo. Wofuna bowo lokulirapo amaviika chikombolecho kwa mphindi zingapo m'asidi wosawawa kwambiri. Choncho miyeso itatu, mpata, kuya ndi kukula kwa bowo, imasankhidwa kachubu kasanabadwe.

Nanga nthunzi imasanduka bwanji khoma lolimba?

Amene anayeretsapo chumuni cha sitovu ya malasha amaidziwa kale mfundo yake. Utsi umadutsa, koma m'kati mwa paipi umasiya mwaye, ndipo paipi itachotsedwa mwayewo n'kutsala uli chiimire, ungakhale chubu cha kukula kwa paipiyo. Asayansi amachita zomwezo koma posankha okha utsi wake.

Chikombole amachiika m'paipi ya galasi la quartz m'kati mwa ng'anjo, n'kupopa mpweya wonse wa m'menemo. Kenako amalowetsa nthunzi imene mamolekyu ake anyamula maatomu ofunikawo. Mamolekyu akagunda khoma lotentha amasweka: maatomu ofunika amakanirira pa khoma, zotsala zimatuluka ngati mpweya. Njirayi imadziwika ndi zilembo zoti CVD. Takashi Kyotani wa ku Tohoku University anaigwiritsa ntchito mu 1995 podutsitsa mpweya wa propylene m'chikombole cha aluminiyamu okusaidi pa madigiri 800, n'kupeza timachubu ta kaboni tofanana msinkhu. Mu 2000 ofufuza a ku Toronto ku Canada anaumba ta boron nitride mwa njira yomweyo.

Koma njirayi ili ndi chilema chake. Pakamwa pa bowo ndi pamene nthunzi imayamba kufika, choncho pamenepo khoma limachindikala msanga. Ng'anjo ikatentha mopitirira kapena nthunzi ikachuluka, pakamwa pamatsekeka m'kati musanapakike kanthu, ndipo chimatuluka ndi chivindikiro chabe pamwamba pa timabowo topanda kanthu.

Ndiye amatani kuti pakamwa pasatsekeke?

Amalowetsa mankhwala awiri mosinthana, osawalola kukumana m'mwamba. Njira imeneyi, yotchedwa ALD, anaikonza Tuomo Suntola ku Finland mu 1974, ngakhale asayansi a ku Leningrad, Valentin Aleskovsky ndi Stanislav Koltsov, anali atayamba kale ntchito yofanana nayo m'ma 1960.

Tiyerekeze kuti tikufuna titaniyamu okusaidi. Poyamba imalowa nthunzi ya titanium tetrachloride. Mamolekyu ake amagwira pa khoma pokha pamene pali malo ogwira, ndipo malowo akadzaza palibenso chimene chimachitika, ngakhale nthunziyo ichuluke chotani. Pakamwa pakakhuta, mamolekyu otsatira amangodutsa kupita m'kati mpaka kufika pansi pa bowo. Kachiwiri amapemerera nayitrojeni kuti achotse zotsala. Kachitatu imalowa nthunzi ya madzi, imene imachotsa kolorini n'kusiya okosijeni pamalo pake. Kachinayi amapemereranso nayitrojeni. Ulendo umodzi wotere umawonjezera pafupifupi nanomita 0.05, moti khoma la mananomita 10 limafuna maulendo pafupifupi 200. Wofuna khoma la mananomita 5 amangoima pa ulendo wa 100. Kuchindikala kwa khoma kumasanduka nkhani yowerenga maulendo basi.

Kutentha kwake n'kochepa, kawirikawiri pakati pa madigiri 100 ndi 300. Chimene munthu amalipira ndi nthawi. Bowo likaya kuwirikiza kawiri, mamolekyu amafuna nthawi yowirikiza kanayi kuti afike pansi, ndipo ntchito imodzi imatha kudya maola ambiri.

Timachubu timatuluka bwanji m'chikombolemo?

Chikombole sichigwira ntchito kawiri. Amayamba apala kakhungu kamene kapakika pamwamba, kamene kamalumikiza timachubu tonse pakamwa. Kenako amasungunula aluminiyamu okusaidi ndi soda wa kositiki kapena asidi, posankha mankhwala amene sadya timachubuto. Pouma pamakhalanso vuto: madzi akamaphwa amakokera timachubu tataliti pamodzi, n'kutimanga m'mitolo yogwera uku ndi uku. Ofuna kuti tiime chilili amaumitsa mwa njira zapadera, kapena amasiya mbali ya chikombole kuti itigwirizize.

Komanso kachubu koumbidwa pa moto wochepa kamakhala ndi maatomu osakhazikika bwino. Titaniyamu okusaidi amamuwotchanso pa madigiri 400 mpaka 500 kuti maatomu ake akhale m'dongosolo lotchedwa anatase, limene limagwira bwino ntchito ndi kuwala.

Kuvutika konseku n'kwa phindu lanji?

Ntchito zambiri za mankhwala zimachitikira pamwamba pa chinthu, osati m'kati mwake. Tengani chikombole cha sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi, chochindikala ngati tsitsi lopyapyala. Mukaphatikiza makoma a timabowo take tonse, malo ake amaposa nkhope ya chikombolecho pafupifupi ka 1,000. Kachipangizo konunkhiza mpweya woipa, batire kapena sefa zimapindula ndi malo ochuluka chotero pa kadanga kochepa.

Chinthu chilichonse chimabweranso ndi khalidwe lake. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda anaonetsa kuti titaniyamu okusaidi akawalidwa amatha kuswa madzi, ndipo mphamvu yomweyo imaswa utoto ndi mankhwala ena oipitsa madzi. Boron nitride sadutsitsa magetsi ndipo amapirira mu mpweya wamba mpaka madigiri pafupifupi 800, pamene ta kaboni timakhala titapsa kale. Tungsten disulfide ndi woterera, ndipo timibulu take ta m'banja lomweli timathiridwa m'mafuta a makina.

Koma ntchito yaikulu ya luso limeneli ili m'foni. Timachipu tosunga zithunzi ndi mauthenga tili ndi timabowo takuya mabiliyoni, timene makoma ake amapakidwa ndi nthunzi, atomu pa atomu. Kampani ya Intel inayamba kupaka hafnium oxide ndi ALD m'machipu ake mu 2007. Kumeneko chikombole sachisungunula, chimakhala mbali ya chipangizocho.

Zikugwirizana pati ndi malata a ku Vosloorus?

Asibesitosi woyera, wotchedwa chrysotile, ndi kachubu kachilengedwe. Mwala umenewu uli ndi timapepala ta mbali ziwiri, ina ya silika ina ya maginiziyamu. Mbali ya maginiziyamu ndi yotambalalako pang'ono, choncho kapepala kamapindika n'kudzikulunga. Linus Pauling analosera kupindika kotere mu 1930. Kaulusi kamodzi kamakhala mananomita 20 mpaka 30 m'mimba, kali ndi bowo pakati. Chrysotile ndiye anali mbali yaikulu ya asibesitosi yense amene dziko lapansi linagwiritsa ntchito. Ankakumbidwa ku Msauli pafupi ndi Barberton, ku Bulembu ku Eswatini, ndiponso ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, migodi imene Amalawi ambiri anagwirako ntchito.

Tiulusi timeneti tikakhala m'simenti ya lata losasweka sitiuluka kwenikweni. Tsoka limayamba lata likasweka, likabooledwa, likadulidwa ndi gulayinda kapena likakwechedwa. M'mapapo muli maselo amene amameza fumbi, koma kaulusi kotalika kuposa mananomita pafupifupi 15,000 amalephera kukameza konse, ndipo kakapanda kusungunuka kamakhala kakutukusira malo amodzi kwa zaka. Matenda amatha kuonekera patapita zaka 20 mpaka 40. Dokotala J.C. Wagner ndi anzake ndi amene anaonetsa mu 1960 kuti khansa ya mesothelioma imayenderana ndi asibesitosi wabuluu wa ku Northern Cape. South Africa inaletsa asibesitosi wa mtundu uliwonse mu 2008, ndipo malamulo a 2020 amafuna kuti ntchito yochotsa malata otere igwiridwe ndi makontirakita olembetsedwa. Waganyu wopemphedwa kuphwasula denga lakale ku Vosloorus, Katlehong kapena Thokoza adziwe kuti kansalu komanga kumphuno sikatchinga tiulusi totere.

Ndiye kuti timachubu topanga anthu nato n'toopsa?

Tina tikhoza kutero, ndipo chimene chimaweruza ndi maonekedwe ake. Mu 2008 gulu la Ken Donaldson ku Edinburgh linapeza kuti timachubu ta kaboni tatitali ndi toongoka tinayambitsa m'matupi a mbewa kutukusira kofanana ndi kwa asibesitosi, pamene tatifupi kapena topiringizana sitinatero. Mu 2014 bungwe la IARC, la pansi pa WHO, linaika mtundu umodzi wa timachubu ta kaboni, MWCNT-7, m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa.

Zinthu zitatu ndi zimene madokotala amayang'ana: kodi kanthuko n'kopyapyala mokwanira kufika pansi pa mapapo, n'katali moti maselo sangakameze, ndipo kamasungunuka kapena ayi? Apa chikombole chimathandiza, popeza wopanga amasankha yekha utali, ndipo akhoza kusiya timachubu titamatirira pa thabwa lake m'malo motisandutsa ufa wouluka. Komabe chinthu chatsopano chilichonse chiyenera kuyesedwa pachokha. Mbiri ya asibesitosi ndi ya chinthu chimene chinalowa m'nyumba mamiliyoni anthu asanamvere chenjezo.

Ku South Africa kuno akugwira ntchitoyi ndani?

Boma linalemba ndondomeko yake ya sayansi ya tinthu ting'onoting'ono mu 2005, ndipo mu 2007 linatsegula malo awiri ofufuzira: ku Mintek ku Randburg ndi ku CSIR ku Pretoria. A ku Mintek anaika mtima pa madzi, zoyezera matenda ndi tizipangizo tonunkhiza, pogwiritsa ntchito kwambiri golide. A ku CSIR amafufuza mapulasitiki osakaniza ndi tinthu timeneti komanso maokusaidi a zitsulo ozindikira mpweya.

Ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein, Pulofesa Neil Coville ndi ophunzira ake akhala zaka zambiri akupanga timachubu ta kaboni ndi CVD. Njira yawo imodzi imadutsitsa acetylene, mpweya womwe uja wa owotcherera zitsulo, pa timibulu ta ayironi ndi kobalti tomwazidwa pa mwala wa laimu, pa madigiri pafupifupi 700. Mmodzi mwa ophunzira akewo, Dr Sabelo Mhlanga, anadzayambitsa kampani ya SabiNano yopanga timachubu ta kaboni. Njira imeneyi ilibe chikombole: timachubu timamera pa timibulu, timatuluka tochuluka koma tosiyana msinkhu. Kumeneko ndiye kusinthana kwake. Chikombole chimapereka muyeso, njira inayo imapereka mulu.

Kodi timachubu tingayeretse madzi oipa a m'migodi ya ku East Rand?

Osati pa mlingo umene vutolo lili. Migodi yakale ya golide itasiya kupopa, madzi anadzaza m'mapanga n'kukhala aasidi, odzaza ayironi ndi mchere wa sulfate. Boma linamanga malo oyeretsera ku Germiston mu 2014 ndi ku Springs mu 2016. A ku Springs anapangidwa kuti azilandira malita pafupifupi 110 miliyoni pa tsiku, ndipo mankhwala ake aakulu ndi laimu wamba.

Yerekezani ndi chikombole chathu chija cha sentimita imodzi, chimene chimatulutsa mamiligalamu owerengeka a timachubu. Kilogalamu imodzi ingafune chikombole chokuta pansi pa nyumba yaing'ono, n'kuchisungunula chonse pomaliza. Titaniyamu okusaidi nayenso amagwira ntchito ndi kuwala kwa ultraviolet kokha, kumene ndi pafupifupi 5 peresenti ya mphamvu ya dzuwa, ndipo kuswa utoto si kuchotsa mchere. Pamene timachubu tingathandize ndi pa ntchito zofuna kanthu kochepa koma kolondola: kachipangizo kozindikira chitsulo choipa m'madzi, kapena sefa yomaliza yochotsa zotsalira za mankhwala zimene malo oyeretsera zonyansa amaphonya.

Malawi ikulowa pati pa nkhaniyi?

Pa zipangizo zoyambira. Ku Kasiya, kumadzulo kwa Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza rutile amene akuwerengedwa kuti ndi wochuluka kuposa wa malo ena onse odziwika, pamodzi ndi graphite, ndipo Rio Tinto inagula masheya m'kampaniyo mu 2023. Rutile ndi titaniyamu okusaidi wachilengedwe. Akamuwotcha ndi kolorini ndi malasha amatulutsa titanium tetrachloride, mankhwala omwe aja olowa m'makina a ALD. Pa phiri la Mulanje pali bauxite, mwala wa aluminiyamu, ndipo ku Richards Bay kuno kuli mgodi wa mchenga wa titaniyamu komanso fakitale yosungunula aluminiyamu ya Hillside.

Chigawo chathu chili ndi zonse zoumbira chikombole ndi kachubu komwe. Koma mchenga umagulitsidwa pa matani, pamene mankhwala oyera a m'labotale amagulidwa pa magalamu kuchokera kunja. Ndalama ili pakati pa ziwirizi, pa kuyeretsa ndi pa kulamula muyeso, ndipo imeneyo ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, osati ya mgodi.

Wachinyamata wa ku Vosloorus angalowe bwanji m'ntchito imeneyi?

Khomo loyamba ndi masamu ndi Physical Sciences pa matiriki, kenako digiri ya kemisitiri, fizikisi kapena uinjiniya wa mankhwala. Kuyambira 2012 mayunivesite anayi, Western Cape, Johannesburg, Free State ndi Nelson Mandela, amaphunzitsa limodzi digiri ya masitazi ya nanoscience. UNISA nayo ili ndi gawo lofufuza tinthu timeneti ndi madzi ku Florida, kumadzulo kwa Johannesburg.

Palinso khomo lachiwiri limene anthu salitchula kawirikawiri. Makina a CVD ndi ALD ndi mapampu okoka mpweya, mavavu otseguka ndi kutseka m'kanthawi kosakwana sekondi, mapaipi osadontha, ng'anjo ndi mawaya oyeza kutentha. Kabowo kamodzi kolowetsa chinyezi kamawononga ntchito ya tsiku lonse, ndipo titanium tetrachloride akakumana ndi chinyezi amatulutsa utsi wa asidi. Amene amasamala zimenezi ndi amisiri a magetsi, a zoyezera ndi a makina, maphunziro amene amayambira m'makoleji a TVET monga Ekurhuleni West, imene ili ndi nthambi ku Kathorus, Boksburg ndi Germiston. Luso lomwelo limafunikanso m'mafakitale a ku Wadeville, ku Rand Refinery ku Germiston ndi koyeretsera pulatinamu ku Springs, moti amene waliphunzira sadikira kuti labotale ilembe anthu ntchito.